Vinyo wa mpesa wakale pa khonde la ku Nchalo

Ukamatsika phiri la Thabwa kuchokera ku Blantyre, kutentha kumakulonjera usanafike n'komwe pa mlatho wa Shire. Makutu amatseka, mabuleki a minibasi akununkha, chigwa chonse chili mbee kumusiko. Ndinkapita ku Nchalo kukaona alamu anga, amene angobwera kumene kuchokera ku Stellenbosch, ku South Africa, komwe amagwira ntchito m'minda ya mpesa. Kungodutsa pa Dyeratu ndi fumbi, ng'ombe ndi akabaza, kenaka mwadzidzidzi nzimbe za Illovo zili biriwiri mbali zonse.

Madzulo, nyama ya mbuzi ili pamoto, alamu anavuula botolo mu ndowa ya madzi a mumtsuko. Vinyo wofiira akafunda amangomveka ukali wokhawokha, ndiye kuno sungachitire mwina.

"Alamu, uyu si wogugudiza ayi," anatero pondithirira pang'ono. "Nunkhizani kaye."

Anali Pinotage wa ku Kanonkop, munda womwe uli m'tsinde mwa phiri la Simonsberg. Mtundu wa mphesa umenewu ndi wa ku South Africa komweko: katswiri wina, Abraham Perold, anaupanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Mundawo ndi wa banja limodzi kuyambira kale. Unali m'manja mwa Paul Sauer, yemwe anakhalapo nduna ya boma, ndipo unadzafika kwa zidzukulu zake, Johann ndi Paul Krige. Vinyo wa dzina lawolawo anayamba kumuika m'mabotolo mu 1973.

Koma chimene alamu sankatopa nacho ndi mitengo ya mpesayo. Pamundapo pali mpesa wodzalidwa mu 1953, ndipo ukubalabe. Suyangidwa pa waya, umangokhala chitsamba chachifupi chathunthu lokhotakhota. Mpesa ukakalamba umabala pang'ono, mizu yake yapita pansi kwambiri, ndiye kukoma konse kumaunjikana mu timphesa tochepato. Mlimi wofuna matani akanauzula kalekale. Eni akewo amausamala, n'kupangira vinyo wapadera, Black Label, amene mtengo wake alamu anangoti tisautchule pamaso pa akazi awo. Ku South Africa mpesa umawerengedwa wakale ukakwana zaka 35, ndipo bungwe la Old Vine Project limapereka chidindo chosonyeza chaka chomwe unadzalidwa. Ku Kanonkop mphesazo zimawira m'matanki asimenti osavundikira, anthu n'kumakankhira makoko pansi ndi mitengo usana ndi usiku.

Wathuyu anali wakuda bii, wothetha pa lilime, fungo ngati la nthudza zakupsa kwambiri. Ndi mbuzi yootcha anagwirizana. Ndi nsima ya mapira, ayi ndithu.

Kutacha tinapita chakumadambo kwa bambo wina wogoma uchema, poti alamu ankati nawonso kuno ali ndi vinyo wawo. Bamboyo anali atadula nsonga ya mgwalangwa, n'kusomekapo katsamba kotsogolera madzi m'chigubu. Tsiku lililonse amasengapo pang'ono ndi mpeni wakuthwa kuti bala lisaume. Luso limeneli anaphunzira kwa bambo ake, iwonso kwa awo. Ndiye kuti nayonso ndi bizinesi ya banja, kungoti ilibe chikwangwani. Kusiyana kwake n'kwakuti thunthu logomedwalo nthawi zambiri silichira, amadalira mphukira, ndipo uchemawo sudikira munthu: m'mawa uli tseketseke, pofika madzulo wasasa.

Ine wa m'mawayo unandikomera kuposa wa m'botolo uja, mwina chifukwa cha ludzu. Nditanena zimenezi alamu anaseka mpaka kukhala pansi.

"Inu alamu, pakamwa panu n'pa kuno komwe! Botolo linalo ndisungira abusa."

Abusawo samwa, ndipo alamu akudziwa bwino lomwe.