Kusankha ndi kuumitsa maluwa a mkwatibwi kuno kwa chiperoni

Ntchito yosunga maluwa a ukwati ndimaiyamba maluwawo asanagulidwe, chifukwa si duwa lililonse lomwe limalola kuuma. Pofuna kudziwa, ndimatsina kasamba kamodzi ka duwalo pakati pa zala. Kakatuluka madzi n'kusiya chipsera chabulauni, limenelo lidzaola lisanaume. Kakamveka kowuma ngati pepala, ndilo ndikufuna.

Olephera mayesowa ndi omwe amakometsa zithunzi: ma lily onse, makamaka calla yoyera ija, ma orchid, frangipani ndi hibiscus. Chrysanthemum imauma koma timasamba take timathothoka mukangoikhudza. Odalirika ndi rozi, statice, gypsophila (timaluwa toyera tating'onoting'ono todzazira m'mbali), helichrysum, protea ndi bougainvillea wa pampanda yemweyu. Masamba a bulugama nawo amauma osasintha kwenikweni. Mitundu ina ya helichrysum ndi protea imamera yokha m'phiri la Mulanje, koma kumeneko ndi nkhalango yotetezedwa, si kothyola maluwa a ukwati.

Pa rozi m'pamene pamavuta kugwirizana ndi mkwatibwi. Iye amafuna woyera, koma woyera akauma amasanduka ngati tiyi wothira mkaka wochepa. Wofiira kwambiri amada, kutsala pang'ono kukhala wakuda. Wapinki, wachikasu ndi waolenji ndi amene amasunga mtundu. Ndiye ndimati woyera akhalepo, koma pakati palowe apinki kapena achikasu 5 kapena 6, ongoyamba kumasula. Womasula kale amayoyoka pouma.

Ngati pali mwambo woponya maluwa kwa atsikana, pakhale kamtolo kena kakang'ono koponyako. Enieniwo, nthawi ya perekaniperekani ikamayamba, mmodzi wa operekeza awaike pamthunzi, timitengo take tili m'madzi pang'ono. Asawaze madzi pamwamba. Ndimafuna andipeze Lamlungu, pasanathe maola 24 ngati n'kotheka.

Akafika ndimayamba ndawajambula pa foni mbali zonse, kuti ndidzakumbukire m'mene anakhalira. Kenako ndimamasula riboni, waya ndi siponji yobiriwira ija yozikamo timitengo ta maluwa ngati ilipo, chifukwa imasunga madzi. Kuumitsa mtolo wonse osamasula ndi kumene kumapha maluwa ambiri: kunja kumaoneka kouma, m'kati muli chuku. Ndimachotsa masamba a m'munsi ndi timasamba tonse tosupuka.

Njira yosafuna ndalama ndi yopachika chadodolido. Ndimamanga timitengo 4 kapena 5 pamodzi ndi labala womangira ndalama uja, osati ulusi, chifukwa timitengo timaonda tikamauma ndipo ulusi umakhwepa, maluwa n'kugwa pansi. Timitolo titalikirane ngati chikhatho. Chipinda chikhale chamdima koma chopita mphepo. Dzuwa limafufutsa mtundu, ndipo khitchini ya nkhuni imapaka mwaye.

Mu Seputembala ndi Okutobala milungu 2 imakwana. Vuto lathu kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chimatha kukhala masiku angapo zovala osauma pachingwe. Chinyezi chomwe chimakondweretsa tiyi ndi chimene chimaoletsa rozi. M'nyumba yopanda siling'i malata amadonthanso m'mawa, ndipo dontho limodzi lolowa m'kati mwa duwa limakwana kuliwononga. Nyengo imeneyo, komanso ya dzinja, rozi sindimupachika, ndimamukwirira.

Chokwirira chabwino ndi silica gel, timibulu tomwe timapezeka m'timapaketi ta m'mabokosi a nsapato, koma pamafunika pafupifupi kilogalamu imodzi pa rozi 5 kapena 6. Ndimatenga kontena yotseka bwino, kuthira masentimita 2 pansi, kudula timitengo kutsale masentimita 2 kapena 3, n'kukhazika maluwa choyang'ana kumwamba osagundana. Apa m'pofunika kudekha: ndimathira ndi supuni kuyambira m'mbali, kenako pang'onopang'ono pakati pa timasamba, mpaka duwa lonse litabisika. Mukakhuthulira pamwamba nthawi imodzi duwa limaphwatalala ndipo limauma chomwecho. Ndimatseka, kumata tepi, n'kudikira masiku 5 mpaka 7. Mukapitirira kwambiri timasamba timafika pophwanyika ngati chipsi.

Popanda silica gel, mchenga wa mumtsinje umagwira ntchito. Ndimausefa, kuutsuka mpaka madzi atayera, kenako kuukazinga m'chiwaya kuti uume ndithu, n'kuusiya uzizire. Mchenga suyamwa madzi kwenikweni, umangogwirizira duwa kuti lisapindike, choncho katoni yake ndimaisiya yosatseka pamalo ofunda kwa milungu 2 mpaka 3. Pochotsa ndimaboola kabowo pansi kuti mchenga uzituluka wokha. Kukoka duwa kuchokera pamwamba kumalithyola.

Bougainvillea ndi timasamba ta rozi tomwe tagwa ndimatipana pakati pa nyuzipepala zosanja, pamwamba thabwa ndi njerwa 2. Sabata yoyamba ndimasintha mapepala pakapita masiku 2 alionse, apo ayi chinyezi chimabwerera m'maluwa. Pakatha milungu 3 kapena 4 zimakhala zatheka.

Duwa louma bwino ndimalidziwa pa tsinde lake, pamene timasamba timakumana: pakhale polimba, posazizira pokhudza. Kenako ndimawasanja motsata chithunzi chija, kumata ndi guluu pang'ono m'bokosi lakuya masentimita 6 mpaka 8 lokhala ndi galasi kutsogolo, lomwe kalipentala aliyense angakhome. Kumbuyo ndimabisako timapaketi 3 ta silica gel ndi kumata m'mbali monse kuti mphemvu ndi nyerere zisalowe. Bokosilo lipachikidwe pa khoma la m'kati losawombedwa ndi dzuwa, osati lakunja lomwe limanyowa ndi mvula, ndipo timapaketito tizisinthidwa mvula isanayambe mu Novembala.