Pulogalamu ikakana kulowa: sabata imodzi pashopu yanga ku Limbe

Lolemba m'mawa ndinapeza mayi wina wa steshonare atakhala pakhonde la shopu, kompyuta ataikulunga m'chitenje. Anabwera nayo pa minibasi kuchokera ku Bangwe. Inali Dell OptiPlex, zija zimafika kuno zitatumikira kale zaka zambiri m'maofesi akunja. Mwana wawo anayesa kuikamo antivirus koma inkakana, ndipo tsamba lililonse la pa intaneti linkachenjeza kuti silotetezeka.

"Achimwene, akuti ndi vayirasi. Ingoifomatani basi, koma ma CV a anthu musawataye."

Kufomata ndi kusunga ma CV siziyendera limodzi, koma pempholi ndimalimva pafupifupi tsiku lililonse. Mnyamata amene ali pa attachment pashopupa anali atatulutsa kale flash yathu ya zida. Ndinamuuza kuti ayambe wayang'ana pakona yakumanja pansi pa sikirini. Kompyutayo inkati tili mu 2011. Masamba otetezeka amakhala ndi chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera ntchito, ndiye kompyuta ikamakhala m'chaka chakale imaona ngati chiphasocho sichinayambe n'komwe. Fayilo ya antivirus imene mwanayo anakopera inali yaing'ono, ya mtundu umene umakatenga zotsalazo pa intaneti, choncho inkafera pakhomo lomwelo. Wolakwa anali kabatire ka CR2032 ka pa motherboard, kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka ma volt atatu, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima. Tinasintha, tinadina batani la F2 kulowa mu BIOS, mmene mumasinthidwa zinthu ngati nthawi Windows isanayake, n'kukonza tsiku. Antivirus inalowa bwinobwino. Mayiwo anachita kundikayikira poona kuti ndawauza mtengo wochepa.

Lachiwiri ndiye linandidyera tsiku lonse. A bursar a pasukulu ina yapulayiveti anatumiza kompyuta imene amalembera malisiti a fizi. Inkachedwa, ndiye anakopera pulogalamu ina mwa zija zimalonjeza kukonza chilichonse mukangodina kamodzi. Inawaonetsa zolakwika zoposa 2,000 zofiira psuu, inakonza zochepa, n'kunena kuti zotsalazo alipire ndi khadi m'madola. Mapulogalamu a mtunduwu ine sindiwakhulupirira. Zambiri zimene amawerenga ngati zolakwika ndi timizere totsalira mu registry, kaundula wa Windows, timene sitichedwetsa kompyuta ngakhale pang'ono, ndipo a Microsoft eni ake salimbikitsa zoyeretsa registry ndi mapulogalamu otere. Koma anthu akaona zofiira mtima umakhala m'mwamba.

Itangomaliza kuyeretsako, pulogalamu ya fizi inasiya kutseguka, ikuti fayilo ya VCRUNTIME140.dll palibe. Mphunzitsi wa kompyuta wa pasukulupo, pofuna kuthandiza, anakakopera fayilo imodziyo pa intaneti n'kuiponya mu foda ya pulogalamuyo. Uthenga unasintha, tsopano unali 0xc000007b. Nambala imeneyi ndikaiona ndimayamba kukayikira kuti wina wasakaniza za 32-bit ndi za 64-bit, ndipo zinalidi choncho: Windows inali ya 64, pulogalamu ya fizi inali ya 32, fayilo imene anakopera inali ya 64. Ndinaichotsa n'kuika Visual C++ Redistributable yeniyeni ya Microsoft, imene imabwera ndi fayiloyo, ya x86 (ya 32) ndi ya x64 (ya 64) yomwe. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti poti Windows ndi ya 64, ya x64 yokha ikwanira, chikhalirecho chimene chimalamula ndi pulogalamu imene ikudandaulayo.

Kuchedwa kwa kompyutayo kunali ndi chifukwa chake china. Munali ma antivirus awiri, aliyense akufufuza fayilo imene mnzake watsegula, ngati alonda awiri osechana okhaokha pageti. Imodzi inakana kutuluka. Mnyamata wanga anati tilowe mu Safe Mode, mmene Windows imayaka ndi zofunikira zokhazokha, ndipo ndinamusiya ayese kuti adzionere yekha: mmenemo Windows Installer siiyenda pokhapokha utaikakamiza, ndiye mapulogalamu odalira iyo sachotseka. Tinagwiritsa ntchito kachida kochotsera kamene kampani ya antivirus-yo imapereka yokha.

Kenako sfc /scannow, imene imafufuza ndi kukonza mafayilo a Windows, inati yapeza mafayilo owonongeka koma ena yalephera kuwakonza. Zikatere umayendetsa DISM kaye, chifukwa ndi imene imakonza nkhokwe imene sfc imatapamo. Vuto lake DISM imafuna intaneti, ndipo ife intaneti ndi bandulo ya pafoni. Inafika pa 62.3 peresenti n'kuima. Mnyamata uja dzanja linali litafika kale pa mausi kuti atseke.

"Iwe, usakhudze. Pamenepo imaima nthawi zonse. Pita ukagule chiwaya."

Atabwerako anapeza yatha, koma ndi 0x800f081f, kutanthauza kuti mafayilo ofunikawo sinawapeze. Ndinailozera ku ISO ya Windows 10 imene ndimasunga, fayilo imodzi yokhala ndi zonse zoikira Windows, ya mtundu wa 22H2 yofanana ndi imene inali m'kompyutamo, chifukwa ukaipatsa ya mtundu wina imakananso. Ulendo uno inadutsa, sfc nayo inamaliza. A bursar atabwera madzulo anafunsa ngati ndawabwezeramo pulogalamu yawo yokonzera ija. Ndinati ayi abwana, ndipo ikadzabweranso ili mmenemo mtengo udzakhala wina.

Lachitatu magetsi anazima cha m'ma 9 koloko, anayaka dzuwa litapendeka. Tinangogwira za pa laputopu. Flash yathu ya zida inali itatenga vayirasi ija imasandutsa mafoda kukhala ma shortcut, mwina kukompyuta ya steshonare, poti kumeneko kumalowa flash ya munthu aliyense. Mafayilo amakhala alipo, amangobisidwa, ndipo attrib -h -r -s /s /d imawatulutsa. Komabe flash yolowa m'makompyuta a makasitomala sindiisiya yokayikitsa, ndiye ndinamuuza mnyamatayo aipange mwatsopano. Anaifomata FAT32 n'kuyamba kukopera mafayilo a Windows pamanja, fayilo yaikulu ya install.wim n'kukana. FAT32 silandira fayilo yoposa 4GB, ndipo imeneyi imapitirira. Ndinamuonetsa Rufus, pulogalamu yopangira flash yoikira Windows, kenako inzake Ventoy, imene ndimaikonda chifukwa umangoponyamo ma ISO angapo pa flash imodzi n'kumasankha poyatsa.

Lachinayi ndinalakwitsa ndine, osati mnyamata.

Kunabwera mtsikana wa chaka chomaliza pakoleji ina, ndi kompyuta ya kunyumba kwawo. Inkatenga mphindi khumi kuyaka, ndipo foda ya dissertation yake ikatsegulidwa zonse zinkauma. Anali atayesa yekha pulogalamu yobwezeretsa mafayilo, ataiika pa C: pomwepo pamene panali mafayilo ake. Zimenezo n'zoopsa kale, chifukwa chilichonse chimene walemba pa disiki chikhoza kugona pamwamba pa chimene ukufuna kupulumutsa. Ndinamudzudzula pang'ono, kenako ine mwini n'kuchita choposa pamenepo. Pashopu panali anthu atatu akudikira, foni ikulira, ndiye mwachizolowezi ndinangolemba chkdsk /r n'kutembenukira kwa ena. Sindinayambe ndafunsa hard disk-yo za thanzi lake.

Patatha ola ndinamva kaphokoso, tiki, tiki, tiki, kenako zii, kenako tiki. Amene wagwira ntchitoyi amakadziwa kaphokoso kameneka ndipo m'mimba mumatentha. Chkdsk /r imawerenga disiki yonse malo ndi malo, ndipo ikafika powonongeka imabwerezabwereza. Kwa disiki yathanzi palibe vuto. Kwa imene ikufa kuli ngati kuthamangitsa wodwala kuti uone ngati akudwaladi. Ndinazimitsa, ndikudziwa kuti kudula chkdsk pakati nakonso kukhoza kuwononga, koma panalibe kuchitira mwina. Nditailumikiza kukompyuta yanga, pulogalamu yoona thanzi la disiki ya CrystalDiskInfo inaonetsa Caution yachikasu, ndipo pa C5, pamene pamawerengedwa malo okayikitsa amene disiki ikulephera kuwerenga, nambala inali m'mahandiredi. Kuona zimenezi kukanangonditengera mphindi imodzi m'mawa muja.

Ndinachita zimene ndinayenera kuyambira. Ndinayatsa SystemRescue, gulu la zida zopulumutsira mafayilo, kuchokera pa flash, n'kuyendetsa ddrescue kuti ikopere disiki yonse kupita ku ina yabwino. Ubwino wa ddrescue ndi woti imayamba yatola zosavuta, malo ovuta n'kumawalumpha, kenako n'kubwerera kukalimbana nawo pamapeto. Imalembanso pamene yafika, moti magetsi akazima umapitiriza pomwepo. Ndinailumikiza ku inverter n'kuisiya usiku wonse. Mtsikana uja anaimba cha m'ma 8 usiku.

"Ankolo, zatheka?"

Ndinamuuza zoona, kuti disiki ikufa ndipo ine ndaiwonjezera ululu. Anakhala chete kanthawi, kenako anati supervisor akufuna ntchitoyo Lolemba.

Lachisanu m'mawa ddrescue inali itapulumutsa pafupifupi zonse. Chaputala 1 mpaka 3 zinatseguka, mafayilo a SPSS anatseguka, chaputala 5 chinatseguka. Chaputala 4 Word inati sichiwerengeka. Kaya chinafa kale asanabwere kaya ndinachimaliza ndine, ndinangochitenga ngati mlandu wanga. Ndinamufunsa ngati anatumizirapo munthu aliyense, ndipo tinachipeza mu WhatsApp yake, chimene anatumizira mnzake masabata awiri m'mbuyomo. Panasowa masamba anayi. Ndinamulipiritsa SSD yokha, disiki yachangu imene ndinamuikira m'malo mwa yakufayo, ntchito ayi.

Masana ake tinali ndi HP ya mlembi wa mpingo wina imene Windows inkakana kulowamo. Ulendo woyamba inafera pa 30 peresenti, wachiwiri pa 70 ndi kanthu, uthenga uli 0x8007025D. Mnyamata anasintha flash, anasintha ISO, osaphula kanthu. Ndinamuuza kuti ISO ikakhala yowonongeka imakonda kufera malo amodzimodzi, koma ikamafera malo osiyanasiyana, kayikira RAM, timabolodi timene kompyuta imasungapo zinthu kwakanthawi ikamagwira ntchito. Memtest86+, pulogalamu yoyesera RAM, isanathe mphindi zisanu sikirini inadzaza mizere yofiira. Titatsegula, mkatimo munali fumbi loti ukhoza kudzalamo mpiru. Tinapemerera ndi blower panja, tinapukuta mano a RAM ndi labala ya pensulo, n'kuyesa imodziimodzi. Ina inachira, ina inali yakufa ndithu.

Mlembiyo ankafuna Windows 11 poti anamva kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. N'zoona. Koma Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo processor ikakhala ya Intel imafunika kuyambira m'badwo wa 8, pamene yawoyo inali ya m'badwo wa 4. Rufus imatha kulambalala malamulo amenewa, ndipo ndimachita kasitomala akafuna, koma ndimayamba ndawauza kuti Microsoft silonjeza kuti kompyuta yotero izilandira ma update. Anati akakambirane kaye ndi komiti, ndiye tinaika Windows 10 kuti kalata za Lamlungu zisindikizidwe.

Loweruka mtsikana uja anabwera kudzatenga kompyuta yake. Inayaka asanamalize kukhala pansi. Ndinamupatsa hard disk yakale ija mu envelopu, nditalembapo ndi maka kuti yakufa. Anaitembenuzatembenuza, n'kufunsa ngati singasungeko mafilimu okha. Ndinati ayi. Anaiponya m'chikwama, akuti mchimwene wake akaiyesabe.