Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Kaseti ya Paul Ngozi

Ndabweranso abale anga. Ndikudziwa kuti gawo lapitalo ndinakusiyani m'malere, pamene tinaika bambo m'manda ku Mchinji mu 1993, lole ija ya bambo aang'ono ikutuluka pabwalo itasenza mipando yathu. Ambiri munandilembera. Inu mayi a ku Bulawayo amene munati munalira mpaka nsima kupserera pamoto, zikomo, Mulungu akusungeni. Inunso achimwene a ku Leeds amene mwakhala mukufunsa za kaseti ndinaitchula mu gawo 6 ija, lero ndi tsiku lanu. Ndinkaizemba dala nkhaniyi chifukwa inali isanafike pamapeto.

Mukukumbukira kuti ndinabadwira ku Matero, ku Lusaka, kumene bambo ankagwira ntchito ya umakaniko. Anali munthu wofatsa, wokonda tchalitchi, koma akangomva gitala ya Paul Ngozi ankasanduka munthu wina. Achinyamata ambiri sadziwa kuti m'ma 1970 Zambia inali ndi rock yakeyake, imene pano akuitcha Zamrock. Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, anyamata amene ankangoimba za Jimi Hendrix ndi Rolling Stones m'mabala anayamba kupeka zawo. Kunali WITCH ya Jagari Chanda, kunali Amanaz, kunali Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Kuno kwathu zaka zomwezo mnyamata wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza, ndiye mutha kuona mmene mtima wa bambo unatengekera atafika ku Lusaka. Pa onsewo, wawo anali Paul, mwana wa ku Chibolya, dzina lenileni Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949. Bambo ankati anamuona ndi maso awo akuliza gitala ndi mano. Chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977 anachigula ndi ndalama imene amayi ankasungira mpoto, ndipo mlanduwo amayi amautchulabe mpaka lero. Chimene chinkawagwira mtima n'chakuti munthuyo ankaimba rock m'Chinyanja, za moyo wa m'komboni umene ifeyo tinkakhala.

Usiku wa kasetiyo ndinali Giredi 3. Bambo anaweruka msanga, atabwereka kwa mnzawo wa ku garaji kamakina kojambulira mawu, kakuda, kokhala ndi chogwirira ndi mabatani asanu ndi limodzi, limodzi lofiira. Anali atamva kuti madzulo amenewo muulutsi acheza ndi Paul pa wailesi. Anayala chitenje cha amayi patebulo, n'kuikapo kamakinako moyang'anizana ndi sipika, mabatire atsopano, kaseti yatsopano ya mphindi 60. Kenako anatiyang'ana tonse n'kunena kuti aliyense wofuna kutsokomola atsokomoleretu. Ndinakhala pamkeka manja ali pakamwa. Amayi anali ndi mlongo wanga kumbuyo, uja ndinakuuzani mu gawo 9, amene chikuku chinamutenga asanakwanitse zaka ziwiri.

Paul anamwalira mu 1989, ali ndi zaka 40 zokha. Tsiku limenelo bambo sanadye, anangokhala pakhonde mpaka mdima. Nthawiyo n'kuti zinthu zitavuta kale, mkuwa utagwa mtengo, ndipo oimba ambiri a m'badwo umenewo ankapita motsatizana ndi matenda aja tinkaopa kuwatchula dzina. Zipolowe za mtengo wa ufa za mu June 1990 zitachitika, bambo anati basi, tiyeni kwathu. Mu 1991 tinadutsa pa Mwami ndi sutikesi ya buluu yodzaza zimbale ndi makaseti, imene bambo anaifungatira ulendo wonse osalola kuti ikwezedwe pamwamba pa basi.

Sutikesi imeneyo inakwera nawo lole ya bambo aang'ono. Patapita miyezi itatu amayi anandituma kuti ndikapemphe makaseti okha, poti zimbale tinamva kuti anagulitsa. Ndinayenda wapansi, ndinafika dzuwa lili paliwombo, ndinagwada pakhomo monga mwa mwambo. Anandiuza kuti ndipite kudimba ndikaone. Sindinamvetse. Nditafika, ndinaona timizere tofiirira tikunyezimira pamwamba pa nazale, tomangidwa kuchoka pa kamtengo kena kufika pa kena, tikugwedezeka ndi mphepo. Anali atasolola matepi onse kuti aziopsezera mbalame. Zikhokho zake zinali mbwee m'matope. Ndinatola chimodzi chimodzi, kupukuta ndi diresi, kuwerenga zolemba za bambo za inki ya buluu. Chachisanu ndi chiwiri chinali cholembedwa kuti PAUL, ZBS (ZBS inali wailesi ya boma ya ku Zambia nthawi imeneyo). Ndinaimirira pamenepo nditachigwira, ndikuyang'ana matepi aja, osadziwa kuti mwa onsewo wa Paul ndi uti. Sindinalire pomwepo. Ndinakalirira pa mlatho pobwerera, ndipo kwa amayi ndinanama kuti sindinawapeze pakhomo.

Mwana wina wa bambo aang'onowo analemba pansi pa gawo lapitalo kuti zakale ndizisiye, ndikunyazitsa banja. Achimwene, dzina la bambo anu sindinalitchule ndipo sindidzalitchula. Koma inu munagona pa bedi la bambo anga pamene ife tinkagona pa masaka. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndizilemba.

Zinadutsa zaka 31, banja la ku Kasungu, kutha kwake, kusamukira ku Area 25, zonse mukuzidziwa.

Mu October 2024 ndinali kukhitchini ndikusadzula nyemba, mwana wanga wamwamuna akuliza nyimbo pa foni pabalaza. Mwadzidzidzi ndinamva gitala yolira mokalipa, kenako mawu a Chinyanja. Chipande chinandipulumuka. Ndinathamanga n'kumufunsa kuti wazitenga kuti zimenezo. Iye anati ndi nyimbo yatsopano ya woimba wa ku America, Tyler, the Creator, yotchedwa Noid. Ndinamuuza kuti mawuwo ndi a Ngozi Family, gulu la Paul, nyimbo ya Nizakupanga Ngozi, ya m'chimbale chimene agogo ake anagula ndi ndalama ya mpoto. Usiku umenewo anandionetsa kuti kampani ya ku Los Angeles, Now-Again Records, inatulutsanso zimbale za Zamrock, ndipo azungu amazilimbirana. Nyimbo tinazipeza pa YouTube. Macheza aja tinasaka mpaka mbandakucha osawapeza.

Ndinalemba makalata awiri ku ofesi ina ku Lusaka imene ndinkaganiza kuti imasunga zakale. Patapita milungu yambiri munthu wina anandiyankha pa foni mwachidule kuti kale matepi ankawafufuta n'kujambulapo zina chifukwa anali odula, ndisataye nthawi. Zoti mawailesi ankachita zimenezi n'zoona, ngakhale BBC inafufuta mapulogalamu ake ambiri mwanjira yomweyo. Koma mmene anandiyankhira zinandiwawa, ngati ndikupempha chinthu chopanda pake.

Amene anatsegula njira ndi amayi. Ndinawauza zonse, kuphatikizapo bodza langa la mu 1993, ndipo anati ankadziwa kuyambira tsiku lomwelo chifukwa anaona matope pa diresi. Kenako anati mwini kamakina uja sanabwereketse ulere, anapempha kuti bambo amukopere kaseti yakeyake. Anali wa ku Katete. Ndinalemba pempho pa Facebook, ndipo apa ndiyenera kuthokoza mlongo wa ku Chilenje amene amawerenga mbiriyi kuyambira gawo loyamba. Anafunsa kutchalitchi kwawo masabata atatu otsatizana mpaka anapeza mdzukulu wa bamboyo. Achemwali, munandigwirira ntchito imene abale anga enieni sakanaigwira.

Ena munandidzudzula nditanena kuti ndikupita ku Lusaka, ndalama ya fizi isanakwane. Ndinamva. Koma bamboyo anali ndi zaka zoposa 80, ndipo fizi ndinkatha kukapepesa kuti ndilipira mochedwa.

Ndinanyamuka mu April 2025. Mchinji, Mwami, Chipata, kenako makilomita oposa 550 a msewu wa Great East, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa pamene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Bamboyo amakhala ku Kabwata, ndipo pofunafuna nyumba yawo ndinadutsa msewu wolembedwa dzina la Paul Ngozi. Ndinawapeza atakhala pa mpando wa ndalema, maso atachita khungu. Nditatchula dzina la bambo anagwira nkhope yanga ndi manja onse awiri n'kunena kuti, "Mwanawe, chibwano ichi n'cha atate ako." Anatuma mdzukulu kukatenga chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Munali makadi a chipatala, chiphaso cha ntchito, ndi makaseti anayi omangidwa ndi mphira. Pa imodzi panali inki ya buluu ija, dzanja la bambo.

Sitinayerekeze kuiika m'wailesi. Mdzukuluyo ananditengera kwa mnyamata wina wokonza mawailesi ndi mafoni kufupi ndi msika wa Kamwala. Anaiyang'ana padzuwa n'kutionetsa kuti kathonje kamene kamakanikiza tepi kanagwa kale, ndiponso tepiyo inali itaduka pafupi ndi poyambira. Anamasula tizomangira tisanu, ananyamula timagudumu tiwiri tija mosamala ngati mazira n'kutiika m'chikhokho cha kaseti ina. Podukapo anadula mopendeketsa ndi lezala n'kulumikiza ndi kaselotepi kakang'ono ngati njere ya mpunga. Kenako analowetsa bolopeni pabowo n'kuzunguza pang'onopang'ono mpaka kumapeto ndi kubwerera, kuti tepi imasuke pamene inamatirirana. Anandichenjeza kuti mwina ilira kamodzi kokha, choncho analumikiziratu waya ku laputopu. Anandipatsa mahedifoni.

Poyamba panali phokoso ngati la mvula pa malata. Kenako muulutsi, kenako Paul. Mawu ake olankhula ndi otsika kuposa oimbira, ndipo amayamba waseka kaye asanayankhe. Zimene ananena sindizilemba pano, chifukwa zina zikumveka mwa apo ndi apo ndipo sindikufuna kumuikira mawu m'kamwa munthu amene anagona kale. Macheza onse ndi mphindi 19.

Pa mphindi ya 7 mwana akuyamba kulira. Akuyamba ndi kudandaula kwa mwana amene wangodzidzimuka kutulo, kenako akukweza. Pakumveka mkeka ukukhwekhwereza. Ndiye mawu a bambo, chapafupi kwambiri ndi kamakina, monong'ona: "Amake mwana, tatulukani naye pang'ono." Chitseko chikulira, kulira kwa mwana kukunka kutali, Paul akupitiriza kulankhula. Ndinavula mahedifoni n'kukhala pansi pa simenti ya shopuyo. Mnyamata uja anatseka chitseko, anabweza makasitomala awiri, ndipo sanandifunse kanthu. Mlongo wanga uja tilibe chithunzi chake ngakhale chimodzi. Mawu a bambo ndinali nditawaiwala kamvekedwe kake, ndinkangokumbukira zimene ankanena.

Ndikudziwa kuti mupempha kuti ndiike macheza amenewa pa intaneti. Pepani, pakali pano ayi. Mawu a Paul ali ndi eni ake, ndipo ndikufuna ayambe afika kwa a pabanja pake, iwo ndiwo anene chochita. Kaseti yeniyeniyo ndinaibweza m'chitini mwa bambo a ku Kabwata, chifukwa ndi yawo, anaisunga zaka pafupifupi 40 pamene ife yathu inathera kudimba.

Ku Mchinji ndinafika Loweruka madzulo. Amayi anamvetsera ali pamphasa, foni ili pa mwendo, osagwedezeka mpaka chitseko chija chitalira. Anati usiku umenewo kunja kunali chisanu, ndipo anaima naye kuseri kwa nyumba mpaka pulogalamu itatha, atamufunditsa juzi ya bambo. Kenako anati, "Tabwezera pamene akuyamba kulirapo." Ndinabwezera kanayi. Mwana wanga anawadulira kachigawo kameneko, masekondi 40, n'kuwaikira pa foni yawo yaing'ono ija, ndipo anawaphunzitsa batani loti azidina.

Gawo 18 ndikuuzani zimene zinachitika bambo aang'ono atamva kuti ndinapita ku Lusaka.