Zilembo za Pamphumi pa Kamera

Pa maphunziro anga a kujambula zithunzi tafika pa mutu wa zinthu zonyezimira: mabotolo, mawotchi, magalasi a maso, zitsulo zopukutidwa. Chinthu chotere chimaonetsa chilichonse chimene chayang'anizana nacho, ndipo choyamba kuyang'anizana nacho ndi kamera. Thupi la kamera ndi lakuda, choncho silionekera kwenikweni, koma zilembo zoyera za pamphumi pake, kaya ndi Canon, Nikon kapena Sony, zimatulukira mbee pa botolo, zitatembenuka ngati mmene zimaonekera pa kalilole. Tizilembo tozungulira kukamwa kwa lenzi natonso timatero. N'chifukwa chake ojambula katundu wotsatsa malonda amamata zilembozi ndi tepi yakuda, ena amaboola pepala lakuda lolimba n'kusuzumiritsa lenzi yokha pabowopo. Kuchokera pamenepo ndinayamba kufufuza za anthu amene amasintha kapena kubisa dzina la kamera pa zifukwa zina, ndipo ndapeza kuti alipo ambiri.

Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi la Henri Cartier-Bresson, wojambula wa ku France, amene ankadetsa mbali zowala za kamera yake ya Leica kuti anthu mumsewu asamuzindikire msanga. Kwa iye zinali zomveka, poti makamera a nthawi imeneyo ambiri anali a chitsulo chowala ngati siliva, chothwanima padzuwa. Makamera ambiri a masiku ano amabwera ali akuda kale. Ndiye munthu akamandiuza kuti wabisa zilembo zisanu kuti asaonekere pagulu kapena kuti apusitse akuba, ine ndimakayika. Wakuba sawerenga zilembo, amaona kukula kwa lenzi ndi mmene mwini kamerayo wainyamulira, kaya waigwira zolimba kapena waitayirira. Chondiseketsa n'chakuti ena amamata dzina pamphumi koma lamba wa m'khosi n'kumusiya yemwe uja, wolembedwa Nikon m'zilembo zachikasu zoonekera munthu ali kutsidya kwa msewu. Amene amangonena poyera kuti kamera yakuda bii imawasangalatsa m'maso, amenewo ndimawamvetsa.

Chimene chandiphunzitsa zambiri n'chakuti zilembo za pa makamera sizipangidwa mofanana, ndipo kapangidwe kake ndi kamene kamalamula zimene ungachite. Pali zilembo zogoba, zimene zimalowa mkati mwa chitsulo kenako n'kuthiramo penti woyera. Ukayendetsa chikhadabo umamva timaenje. Zimenezi n'zosavuta kuzisintha mtundu. Umapaka penti wakuda kapena wa mtundu wina m'timaenjemo, n'kupukuta wotsala pamwamba ndi kansalu asanaume, ndipo wa m'kati amatsala. Pali timitengo ta penti wolimba tooneka ngati choko, totchedwa Lacquer-Stik, timene okonza makamera akale amagwiritsa ntchito pobwezeretsa manambala ofufutika pa malenzi. Dzina lodetsedwa motere limaonekabe ukayandikira, koma silikuwa.

Zilembo zina n'zongodinda pamwamba, zopanda dzenje ngakhale pang'ono. Apa ndiye pamene anthu amaonongera makamera. Palibe poti penti agwere, choncho ukapaka umakhala wapaka thupi la kamera lenilenilo, ndipo ukafuna kufufuta zilembozo umafufutira limodzi ndi khungu la pansi pake, n'kusiya chigamba chosalala chonyezimira pamalo pamene panali pokhakhala. Mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo amakhala ndi acetone, amene amasungunula mapulasitiki ambiri. Isopropyl alcohol, mankhwala ena opukutira, ndi wofatsirapo, komabe nayenso amatha kuchotsa zilembo zodinda ndi kuyeretsa labala wa pogwirira. Peni ya inki yakuda yosafufutika imaoneka ngati njira yachidule, koma padzuwa inki yake imanka ku mtundu wa pepo ndipo siigwirizana ndi kuda kwa thupi la kamera.

Mtundu wachitatu ndi kabaji komata ndi guluu, monga kadontho kofiira ka Leica. Kameneka kamamatuka, ndipo pali ogulitsa timadontho takuda tolowa m'malo mwake. Pa makamera ena a Leica M, kuseri kwa kadonthoko n'kumene amisiri amalowetsa chipangizo pokonza makina oyezera mtunda, ndiye si malo oti munthu azisolola ndi nsonga ya mpeni mwachisawawa.

Pa tepi, ya gaffer ndi imene imakondedwa chifukwa ndi yansalu, sinyezimira, imang'ambika ndi manja, ndipo guluu wake satsalira kwambiri ukaimatula isanakhalitse. Tepi ya magetsi imanyezimira, ndipo ikatenthedwa guluu wake amatuluka m'mbali n'kumanata, fumbi n'kumakakamira pomwepo. Pomata paliponse pafunika kuyang'ana kaye zimene zili pafupi ndi dzinalo: timabowo ta maikolofoni, kanyali kothandiza kamera kuona mumdima, ndiponso mpata wa fulashi yotumphuka, imene pa makamera ambiri imakhala pamwamba penipeni pa zilembozo. Tepi ikadutsa pampatawo fulashi siitseguka.

Makampani nawo anaona kuti anthu akufuna zimenezi. Leica inatulutsa MP ya filimu mu 2003 yopanda kadontho kofiira, kenako M9-P mu 2011, M Monochrom mu 2012 ndi M-P mu 2014, onse opanda kadontho kutsogolo. Pa M9-P ndi M-P dzina linangogobedwa pamwamba, pomwe munthu wojambulidwa salionapo. Ndiye kuti anthu amalipira ndalama zambiri kuti agule dzina, kenako kampani yomweyo n'kuwagulitsa kamera yobisa dzinalo. Komabe aliyense wodziwa makamera amaizindikira Leica ndi kaumbidwe kake, monga mmene amaizindikirira Nikon ndi kamzere kofiira pogwirira, kamene kanayamba ndi F3 ya mu 1980 yokonzedwa maonekedwe ndi Giorgetto Giugiaro, kapena malenzi apamwamba a Canon ndi mkombero wawo wofiira.

Ndazindikiranso kuti dzina la pamphumi silinena zonse za amene anapanga kamera. Leica CL ya mu 1973 inkapangidwa ndi Minolta ku Japan. Makamera ambiri a Leica D-Lux anachokera ku makamera a Panasonic a mtundu wa LX. Hasselblad Lunar, imene inalengezedwa mu 2012, mkati mwake inali Sony NEX-7 yovekedwa matabwa ndi zikopa, ndipo ambiri anaiseka chifukwa cha mtengo wake. Ku America makamera a Pentax anagulitsidwa kwa zaka ndithu ndi dzina la Honeywell pamphumi. Zonsezi zinkachitika mogwirizana pakati pa makampaniwo.

Zimasiyana kwambiri ndi nkhani ya FED ndi Zorki, makamera a ku Soviet Union. FED inayamba kupangidwa ku Kharkiv mu 1934, Zorki ku Krasnogorsk mu 1948, ndipo onse awiri anatengera Leica II ya mu 1932. Patapita zaka, anthu ena anayamba kutenga makamera otchipawa, kupala mayina ake, kugobapo Leica ndi nambala yabodza, ena n'kuwapukuta mpaka mkuwa wachikasu kuonekera kuti azioneka ngati agolide, n'kuwonjezera zizindikiro za asilikali a Germany kuti ogula aziyesa apeza chinthu chosowa. Luso la manja ndi lomwe lija la wodetsa zilembo, koma apa cholinga n'kubera wogula. Pa chifukwa chomwechi nambala ya kufakitale yozindikiritsa kamera ndi chinthu chosayenera kuchikhudza n'komwe: ndi imene imatsimikizira umwini kamera ikabedwa, ndipo wogula akaiona yopalidwa amaganiza kuti katunduyo ndi wakuba. Pa kamera ya digito kubisako kulibenso mphamvu, chifukwa chithunzi chilichonse chimasunga dzina la kampani ndi mtundu wa kamera mu EXIF, zolemba zobisika m'kati mwa fayilo ya chithunzicho, ndipo makamera ambiri amalembamonso nambala yake.

Ma Leica abodza aja amagwidwa mosavuta ukadziwa poyang'ana. Umachotsa lenzi n'kusuzumira m'mwamba mwa bowo, pamene pali kadzanja kamene kamakhudza kumbuyo kwa lenzi poyeza mtunda. Pa Leica yeniyeni kumapeto kwake kuli kagudumu kozungulira, pomwe pa FED ndi Zorki kuli kachitsulo kosongoka kosazungulira. Ogoba mayina aja ambiri ankathera luso lawo lonse pa chivundikiro cha pamwamba, kadzanjako n'kukasiya mmene kanachokera ku fakitale.