Mankhwala a dazi: piritsi lomwedwa ndi munthu wosadwala

Pafupifupi mankhwala onse amene taphunzira chaka chino m'maphunziro athu a zachipatala ndi a munthu wodwala. Wa BP akapanda kumwa mapiritsi ake, sitiroko imakhala pafupi. Wa shuga akanyalanyaza, impso ndi maso zimawonongeka. Zikakhala choncho sipavuta kuona cholemera pakati pa ubwino wa mankhwala ndi zovuta zake, poti mbali inayo kuli kulumala kapena imfa. Koma titafika pa mankhwala a dazi ndaima nthawi yaitali, chifukwa womwa wake ndi mwamuna wathanzi, kawirikawiri wazaka za m'ma 20 kapena 30, ndipo akayamba ndiye kuti azimwa kwa zaka zambiri. Vuto limene tingaliyese laling'ono pa munthu amene tikumulanditsa ku imfa, pa munthu uyu si laling'ono ayi.

Sindikupeputsa dazi. Mnyamata wazaka 22 amene tsitsi la pamphumi layamba kubwerera m'mbuyo amavutika mumtima ndithu. Ena amasiya kujambulitsa, ena chipewa sichichoka kumutu ngakhale ali m'nyumba. Munthu wotereyu akabwera kudzafunsa za mankhwala ayenera kumvedwa, osati kusekedwa.

Kuti timvetse zovuta za mankhwalawa tiyenera kuyamba tamvetsa gwero la dazi. Mu 1942, James Hamilton wa ku America anaona kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sachita dazi, koma akapatsidwa testosterone, homoni ya amuna, aja amene kumtundu kwawo kuli dazi tsitsi limayamba kuthothoka. Pambuyo pake kunadziwika kuti yoononga tsitsi si testosterone yeniyeniyo, koma homoni ina yamphamvu kuposa iyo, DHT, imene thupi limapanga kuchokera ku testosterone mothandizidwa ndi enzyme (chinthu chofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi) yotchedwa 5-alpha reductase. Mwa amuna amene anatengera chibadwa chimenechi, DHT imafooketsa mizu ya tsitsi la pamphumi ndi paliwombo pang'onopang'ono. Tsitsi likathothoka, lomera m'malo mwake limakhala lopyapyala ndi lalifupi kuposa loyamba lija, mpaka pamatsala cheya chosaoneka bwino. La kunkhongo ndi m'mbali silimva DHT chimodzimodzi, n'chifukwa chake limatsala.

Mmene piritsi linapezekera ndi nkhani imene yandikhala kwambiri m'mutu. Mu 1974, Julianne Imperato-McGinley anafalitsa kafukufuku wa anthu ena a ku Dominican Republic amene anabadwa enzyme ija isakugwira ntchito bwino. Anali anyamata, koma pobadwa ziwalo zawo zobisika zinkaoneka ngati za atsikana, ndipo zinkasintha akatha msinkhu. Atakula, prostate yawo (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo) inali yaing'ono, dazinso sankachita. Kampani ya Merck inatengera pamenepo n'kupanga finasteride, mankhwala otsekereza enzyme imeneyi. Bungwe loona za mankhwala la FDA la ku America linawavomereza mu 1992 pa mlingo wa mamiligalamu 5 kwa abambo otupa prostate, kenako mu 1997 pa miligalamu imodzi kwa a dazi. Kapiritsi kameneka kamatsitsa DHT ya m'magazi ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu.

Apa ndi pamene pagona nkhani: DHT imatsika m'thupi lonse, osati m'mutu mokha. Ndipo mbiri ya anyamata aja ikuloza kale mbali ziwiri zofunika kuziyang'anitsitsa, moyo wa kuchipinda wa womwayo ndiponso mwana wamwamuna amene ali m'mimba.

Pa za kuchipinda, kafukufuku woyambirira wa chaka chimodzi anapeza kuti mwa amuna 945 omwa finasteride, 3.8 peresenti anadandaula za vuto lina lake, pamene mwa amuna 934 omwa mapiritsi opanda mankhwala odandaula anali 2.1 peresenti. Ochepa chilakolako anali 1.8 peresenti kuyerekeza ndi 1.3, ndipo amene chida chinkakanika kudzuka anali 1.3 kuyerekeza ndi 0.7. Ena anaona umuna ukuchepa. Amene anasiya kumwa anachira, ndipo ambiri mwa amene anapitiriza vutolo linatha lokha. Palinso ochepa amene mabere amawawa kapena kukula, ndipo chotupa chilichonse m'bere la mwamuna womwa mankhwalawa chiyenera kuonedwa ndi dokotala msanga.

Wongowerenga manambala amenewa akhoza kunena kuti palibe choopsa. Koma mankhwala akalowa m'manja mwa anthu mamiliyoni, zimene sizinaoneke pa anthu osakwana chikwi zimayamba kutulukira. Amuna ena anayamba kunena kuti asiya kumwa koma mphamvu sizinabwerere, ena kwa miyezi, ena kwa zaka. Mu 2012 FDA inalamula kuti pepala la m'bokosi linene kuti mavuto a chilakolako ndi otulutsa umuna amapitirira mwa ena ngakhale atasiya. Madokotala akukanganabe pa chimene chimachititsa zimenezi ndi kuchuluka kwa ovutikawo, koma ine sindikuona chifukwa chomukayikira munthu amene akufotokoza za thupi lake lomwe. Vuto lina ndi la maganizo. Bungwe la MHRA la ku Britain linachenjeza mu 2017 za matenda ovutika maganizo ndi maganizo ofuna kudzipha, ndipo mu 2024 linalengeza zoti m'bokosi muziikidwa kakhadi kochenjeza womwa. Mu 2025 bungwe la EMA la ku Ulaya linatsimikiza kuti maganizo ofuna kudzipha ndi limodzi mwa mavuto a mapiritsi a finasteride, ndipo womwa a dazi akaona kusintha kwa maganizo asiye n'kukaonana ndi dokotala.

Tsono pali kafukufuku wina amene amasokoneza zonsezi. Mu 2007, Mondaini ndi anzake ku Italy anapereka finasteride wa mamiligalamu 5 kwa abambo otupa prostate. Ena anawauza kuti mankhwalawa angachepetse mphamvu za kuchipinda, ena sanawauze. Mwa ouzidwa, 43.6 peresenti anadandaula. Mwa osauzidwa, 15.3 peresenti okha. Mankhwala omwewo, mlingo womwewo. Mantha paokha amafooketsa mwamuna, ndipo mawu a wopereka mankhwala akhoza kubweretsa vuto limene akuchenjezalo.

Nkhani imeneyi inatigawa pamene tinkayeserera uphungu awiriawiri. Mnzanga amene anatenga mbali ya wofuna mankhwala anatsamira patebulo, n'kutsitsa mawu: "Adokotala, mungondiuza chilungamo. Kunyumba zinthu zikhalabe bwino?" Ena mwa ife anati ndi bwino kungodutsapo mwachangu kuti munthu asapite ndi mantha. Ine sindikugwirizana nazo. Munthu wosadwala amene akusankha yekha kumwa mankhwala kwa zaka ali ndi ufulu wodziwa zonse, ndipo ukamubisira akakazipeza pa intaneti usiku ali yekha, zolembedwa moopseza kwambiri. Chofunika ndi kanenedwe. Kunena kuti "mankhwalawa amapha mphamvu" n'kumunamiza, kunenanso kuti "alibe vuto" n'kumunamizabe. Ndingamuuze kuti mwa amuna 100 omwa, pafupifupi anayi amadandaula za kuchipinda, mwa 100 osamwa awiri amadandaulanso, ambiri amachira akasiya, koma alipo ochepa amene akuti sanachire. Ndisanamupatse ndingamufunse mmene zinthu zilili kuchipinda panopa, kuti chilichonse chodzachitika m'tsogolo tidzakhale ndi pochiyerekezera, ndiponso ngati anadwalapo matenda a maganizo. Ndingamupemphenso kuti auze munthu mmodzi wapafupi kuti wayamba mankhwalawa, chifukwa wovutika maganizo nthawi zambiri sadziona yekha kuti wasintha.

Piritsili limakhudzanso ena a m'nyumba. Mayi woyembekezera, kapena amene angakhale woyembekezera, sayenera kugwira piritsi losweka kapena lophwanyika, chifukwa mankhwalawa angasokoneze kapangidwe ka ziwalo zobisika za mwana wamwamuna. Piritsi lathunthu lili ndi chokutira chimene chimateteza. Vuto limabwera chifukwa amuna ambiri, pofuna kupulumutsa ndalama, amagula la mamiligalamu 5 n'kumalidula panayi. Ganizirani mmene zimakhalira: kapiritsi kakang'ono pambale, mpeni kapena lezala, tizidutswa tosafanana tikudumpha, ufa woyera utatsala pambale ndi pazala, zotsalazo zitakulungidwa m'kapepala n'kuikidwa m'kabati imene aliyense amatsegula. Amene akuchita zimenezi adule yekha, apukute pamalopo, asambe m'manja, ndipo zidutswazo azisunge m'kabotolo kotseka. Pa chifukwa chomwechi, mabungwe otolera magazi monga American Red Cross salandira magazi a munthu mpaka patatha mwezi umodzi atasiya finasteride, kuopa kuti angakaikidwe mwa mayi woyembekezera. Amene akufuna mwana koma mimba ikuchedwa ayeneranso kutchula mankhwalawa kwa dokotala, poti mwa amuna ena mbewu ya umuna imachepa, ngakhale kuti kawirikawiri imabwerera akasiya.

Dutasteride ndi wa mtundu womwewo koma wamphamvu kwambiri: amatsitsa DHT ndi 90 peresenti kapena kuposa. Ku South Korea ndi ku Japan anavomerezedwa pa dazi, pamene m'maiko ena ambiri ndi wa prostate basi. Chondidetsa nkhawa pa iye n'chakuti amakhalitsa m'thupi. Theka la finasteride limachoka m'magazi m'maola ochepa, koma la dutasteride limatenga pafupifupi milungu 5, choncho vuto likabwera silichoka msanga, ndipo wopereka magazi amadikira miyezi 6.

Minoxidil ndi wosiyana kotheratu, sakhudza mahomoni. Anayamba ngati piritsi la BP yovuta, lovomerezedwa mu 1979, ndipo madokotala anaona odwala akumera tsitsi ndi cheya paliponse. Kampani ya Upjohn inapanga wopaka, amene anavomerezedwa mu 1988. Zovuta zake zambiri ndi za tsiku ndi tsiku. Minoxidil wamadzi amapakidwa mililita imodzi kawiri patsiku, pakhungu osati patsitsi, ndiye munthu amayenera kupatula tsitsi ndi chala, kudonthetsa, kutikita, kusamba m'manja, kenako kudikira kuti aume asanagone. Akapanda kutero mankhwala amapita papilo, kuchoka papilo n'kupita kumaso kwake kapena kwa amene wagona naye, ndipo cheya chimamera posafunika. Pali makanda amene anamera cheya chambiri chifukwa chokhudzana ndi khungu la kholo lopaka mankhwalawa. Kwa mphaka ndi poizoni weniweni: kunyambita pilo kapena chala chokha kungamuphe. Kuyabwa ndi mfundu zimene ambiri amadandaula nthawi zambiri zimachokera ku propylene glycol wosungunulira mankhwalawo, ndipo minoxidil wathovu alibe zimenezi.

Chimene chimabweza anthu ambiri ndi milungu yoyambirira, pamene tsitsi limathothoka kuposa kale. Munthu amaona chipeso chadzaza n'kuganiza kuti mankhwala amuwononga, chonsecho ndi tsitsi lakale limene linasiya kale kukula likupereka malo kwa latsopano. Wouzidwa pasadakhale amapirira, wosauzidwa amataya botolo.

Masiku ano madokotala ena akupereka minoxidil wakumwa pa mlingo wochepa. Ameneyu si wogula wekha. Ndi mankhwala a mitsempha ya magazi, ndipo angabweretse chizungulire, kutupa akakolo, mtima kugunda mothamanga, ndipo mwa apo ndi apo madzi kudzaza m'kathumba kokuta mtima. Wa vuto la mtima kapena impso ayenera kupimidwa kaye.

Mankhwala onsewa sachiza dazi, amangoligwira. Zili ngati kuthirira mbewu m'chilimwe: ukasiya, zimafota. Zotsatira zimayamba kuoneka pakatha miyezi itatu mpaka 6, ndipo kuweruza bwino kumafuna chaka chathunthu, makamaka poyerekeza zithunzi zojambulidwa pamalo amodzi ndi kuwala kofanana, chifukwa galasi la m'mawa uliwonse silionetsa kusintha kwa pang'onopang'ono. Kwa ambiri phindu lalikulu ndi lakuti tsitsi lasiya kuthothoka, osati kuti labwerera lonse, ndipo pamene pasalala kwa zaka zambiri sipameranso. Wosiya finasteride amataya zimene anapindula m'kati mwa miyezi 12. Choncho funso loti "kodi ndikwanitsa kugula ndi kumwa zimenezi chaka ndi chaka?" liyenera kufunsidwa piritsi loyamba lisanamezedwe.

Komanso si kuthothoka kulikonse kumene kuli dazi la chibadwa. Chipere, vuto la chithokomiro, kuchepa kwa ayironi m'thupi, chindoko, kapena matenda aakulu amene munthu anadwala miyezi ingapo yapitayo, zonsezi zimathothola tsitsi, ndipo finasteride sangathandize. N'chifukwa chake kugula pa intaneti pongodzaza fomu kumandidetsa nkhawa: palibe amene wayang'ana m'mutu mwa munthuyo. Enanso amagula finasteride wopopera kapena wopaka poganiza kuti salowa m'magazi. Amalowa ndithu, ngakhale pang'ono, ndipo mu 2025 FDA inachenjeza kuti yalandira madandaulo a mavuto a kuchipinda ndi a maganizo kuchokera kwa ogwiritsa ntchito mitundu yopaka yosakanizidwa m'mafamase, imene bungweli silinaivomereze.

Vuto lina limadzabwera patapita zaka zambiri. Finasteride amatsitsa PSA, chizindikiro cha m'magazi chimene madokotala amayeza pofufuza khansa ya prostate, ndi pafupifupi theka. Mwamuna amene anayamba kumwa ali ndi zaka 28, pofika zaka 50 piritsili lasanduka chizolowezi cha m'mawa moti saliwerengeranso ngati mankhwala. Akafunsidwa kuchipatala ngati akumwa mankhwala alionse amayankha kuti ayi, ndipo PSA yake imaoneka yabwinobwino pamene yeniyeni ndi yowirikiza kawiri. Khansa ikhoza kuchedwa kupezeka chifukwa cha yankho limodzi limenelo. Dokotala akadziwa, amachulukitsa nambalayo kawiri n'kumayang'anira ngati ikukwera. Choncho pofunsa mbiri ya mankhwala kwa bambo aliyense woyezetsa PSA, funso la mankhwala a tsitsi liyenera kufunsidwa palokha, motchula dzina.