Chinkhupule cha m'nyanja ndi chigoba cha nyama

Ndinakula ndikudziwa chinkhupule chimodzi chokha, chija chimayanga pa mpanda wa bafa n'kubereka zipatso zonga nkhaka, zimene tinkaumitsa ndi kusenda kuti tizisambira. Choncho tsiku limene ndinagwira chinkhupule chochokera m'nyanja yamchere, chofewa ndiponso chopepuka ngati thonje, zinandivuta kuvomereza kuti m'manja mwangamo munali chigoba cha nyama.

Nyamayi ilibe mutu, mtima ngakhale ubongo, ndipo ikakula imamatirira pa mwala pansi pa madzi osasunthanso. Thupi lake ndi timabowo tokhatokha. M'kati mwake muli timaselo tokhala ndi kamchira, timene timakupiza madzi kuti alowe pa timabowoto n'kukatulukira pa bowo lalikulu, pamene mabakiteriya ndi tinyenyeswa ta chakudya zimatsalira m'thupi.

Chimene chimanditenga mtima kwambiri ndi chigobacho. Anthu a pa chilumba cha Kalymnos ku Greece, amene anatchuka ndi ntchito yomira pansi pa nyanja kukazula zinkhupule, amasiya mnofu wakuda wa nyamayi kuti uwole, kenaka n'kuupondaponda ndi kuutsuka mpaka patatsala ulusi wofewa wotchedwa spongin. Ulusi umenewu ndi umene anthu amasambira. Koma mitundu yambiri siingayerekezedwe n'komwe kuifikitsa pakhungu, chifukwa zigoba zake zili ndi timinga tosongoka ta laimu kapena ta silika, chinthu chomwecho chimene amapangira galasi.

Pa mitundu ya galasiyi, wosiririka ndi Euplectella aspergillum, umene katswiri wa sayansi ya nyama wa ku England, Richard Owen, anaufotokoza mu 1841 ndipo umapezeka m'madzi akuya a kufupi ndi Philippines. Chigoba chake chimaoneka ngati mono wolukidwa ndi mmisiri wodekha: timinga tina taima chilili, tina tapingasa, ndipo tinanso tadutsa chopendekera kuti timange zonsezo pamodzi. Kaminga kalikonse kali ndi timiyalo tambiri ta galasi tomatidwa ndi kaulimbo kopyapyala, kotero kuti mng'alu ukayamba panja umaima usanafike pakati. Kawirikawiri m'kati mwa monowu mumapezeka tinyama tiwiri tachibale ndi nkhanu totchedwa shrimp, katonde ndi kathadzi, timene tinalowa tili tating'ono n'kukula mpaka kulephera kutuluka. Ana awo okha ndi amene amapulumukira pa timipata tija.