Tsiku loyeza ngati nyumba yathu ikudontha mpweya

Lero ndinalawirira kupita pamalo pomwe tikumanga nyumba yathu, kunja kwa mzinda wa Perth kuno ku Scotland, mtima uli m'mwamba chifukwa linali tsiku loyeza ngati makoma, denga ndi mawindo zikulowetsa mphepo. Nyumbayi tikuimanga motsatira muyezo wa Passivhaus, umene unayambira ku Darmstadt m'dziko la Germany, kumene nyumba yoyamba ya mtunduwu inamalizidwa mu 1991. Nyumba yotere siyenera kudya mphamvu yotenthetsera yoposa 15 kWh (mayunitsi 15 ngati a magetsi) pa sikweya mita iliyonse pachaka, ndipo zimenezi sizingatheke ngati kutentha kukuthawira m'ming'alu.

Katswiri woyeza anatseka khomo lakumaso ndi chinsalu chofiira chokhala ndi fani yaikulu pakati, kenaka anayamba kukokera kunja mpweya wa m'nyumba mpaka makina ake atalozera pa 50 Pa, muyeso wa kusiyana kwa kukankha kwa mpweya wa kunja ndi wa m'nyumba. Muyezowu umafuna kuti mpweya wolowa mozemba pa ola limodzi usapose 0.6 ya mpweya wonse wa m'nyumbamo. Ulendo woyamba tinalephera.

Tinayamba kufunafuna chipinda ndi chipinda, katswiri uja akuyendetsa kautsi m'mbali mwa mawindo, koma utsiwo sunagwedezeke. Amene anapeza vuto ndi mayi akunyumba, amene anagwada pakona pomwe padzakhale sinki ya kukhitchini n'kuika chikhatho pansi. "Bambo, tabwerani mudzamve kamphepo aka," anandiitana. Mmisiri wa mapaipi anaboola chinsalu chotchinga mpweya chimene tinatha masabata ambiri tikuchimata, ndipo atadutsitsa paipi yake anasiya mpata wokwana chala changa chachikulu. Zinandipweteka mtima ndithu, komabe sindingamuimbe mlandu waukulu, pakuti m'nyumba zimene wakhala akugwiramo ntchito bowo lotere palibe amene amalilabadira.

Tinamata mpatawo ndi labala ndi tepi yake yapadera, ndipo titayezanso masana tinakhoza bwinobwino. Amisiri atachoka, ine ndi mayi tinaima kanthawi pawindo lalikulu loyang'ana kumwera, la magalasi atatu, tikumva kadzuwa kofooka kakutenthetsa chipinda chimene mulibe mbaula ngakhale imodzi. Sabata yamawa kukubwera oika makina olowetsa mpweya wabwino, amene amautenthetsa ndi kutentha kwa mpweya wotuluka, ndipo ndatsimikiza mtima kuti bowo lililonse limene adzaboole ndidzakhala nditaima pomwepo, tepi ili m'manja.